Liwiro lokha silikanamufikitsa ku Munich: njira imene Alphonso Davies anadutsa

Pa 14 Ogasiti 2020, mumzinda wa Lisbon, Bayern Munich inakwapula Barcelona zigoli 8 kwa 2 m'bwalo lopanda ochemerera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Pa zigoli khumi za usiku umenewo, chimene anthu amachibwerezabe pa mafoni ndi chachisanu cha Bayern, ndipo amene amafuna kumuona si wogoletsayo ayi. Mnyamata wa zaka 19 analandira mpira chakumanzere, anafika pamaso pa Nélson Semedo n'kuima kaye, mpira uli paphazi. Anagwedeza thupi kamodzi, kawiri, Semedo anakhulupirira, ndipo pamene amati abwerere mwake mnyamatayo anali atadutsa kale. Anathamanga motsatira mzere wakumapeto mpaka pafupi ndi golo, n'kubwezera mpira kwa Joshua Kimmich, yemwe anangoukankhira mu ukonde. Patapita masiku asanu ndi anayi, Bayern inagonjetsa Paris Saint-Germain 1-0, ndipo Alphonso Davies anakhala mwamuna woyamba wosewerera dziko la Canada kunyamula chikho cha Champions League.

Nkhani yake imakambidwa ngati chozizwitsa: mwana wobadwira kumsasa wa othawa nkhondo afika pamwamba pa mpira wa ku Ulaya. N'zoona, koma kuikamba motero kumabisa zambiri. Pakati pa msasawo ndi Lisbon panali makomo angapo, ena a boma, ena a ndalama, ena a malamulo a mpira, ndipo lililonse likanatha kukhala lotseka. Ine ndimaona kuti makomo amenewa ndiwo oyenera kuwamvetsa, chifukwa ana othamanga ngati iye alipo ambiri padziko, koma odutsa onsewo ndi owerengeka.

Davies anabadwa pa 2 Novembala 2000 ku Buduburam, msasa wa anthu othawa kwawo womwe uli chakumadzulo kwa Accra m'dziko la Ghana. Msasawu unatsegulidwa mu 1990 kuti ulandire anthu ochokera ku Liberia, kumene nkhondo yapachiweniweni inabuka mu 1989, n'kubukanso kachiwiri kuyambira 1999 mpaka 2003. Makolo ake anathawa ku Monrovia. Iye ali ndi zaka zisanu, banjalo linasankhidwa m'ndondomeko yosamutsira othawa kwawo kumayiko ena ndipo linapita ku Canada, kumene linakhazikika mumzinda wa Edmonton m'chigawo cha Alberta.

Khomo loyambali ndilo lopapatiza kuposa onse. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, limanena kuti pa anthu 100 aliwonse othawa kwawo, amene amapeza mwayi wosamutsidwa chotere pachaka sakwana ndi mmodzi yemwe. Kwa ife kuno si nkhani yachilendo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, womwe unatsegulidwa mu 1994, muli anthu oposa 50,000 pamalo amene anakonzera anthu ochepera kwambiri, ndipo kuchokera komweko achinyamata ena amapita kukaphunzira ku Canada kudzera m'bungwe la ku Canada loona za maphunziro lotchedwa WUSC. Aliyense amene anaonapo ana a kumeneko akumenya mpira pafumbi akudziwa kuti luso silisowa. Chosowa ndi chikalata.

Kufika ku Canada sikunatanthauze kuti mpira wapezeka. Kumeneko, monganso ku United States, mwana amalipira kuti asewere. Makolo amalipira kulembetsa, yunifomu, nsapato, maulendo opita kumipikisano, ndiponso malo oseweramo m'nyengo yachisanu, pakuti ku Edmonton kumazizira mpaka madzi kuuma kwa miyezi ingapo, ndipo mpira umasamukira m'nyumba zikuluzikulu zochita kubwereka. Ku timu ya ana yopikisana kwenikweni, ndalama zake pachaka zimafika madola masauzande. N'chifukwa chake dziko limene ana olembetsa mpira wamiyendo amaposa a hockey, masewero amene dzikolo limadziwika nawo, linakhala zaka zambiri osatulutsa osewera otchuka okwanira timu: ana a anthu obwera kumene, amene mpira uli m'magazi, ndi omwewo amene sangakwanitse kulipira.

Makolo a Davies ankagwira ntchito maola ambiri, ndipo iye akaweruka kusukulu ankalera abale ake aang'ono. Chimene chinamulowetsa mu mpira wolongosoka ndi pulogalamu yotchedwa Free Footie, ligi yaulere ya ana a sukulu za m'madera osauka a Edmonton, yomwe imapereka zovala ndi mayendedwe. Kuchoka apo anasewerera Edmonton Internationals kenako Edmonton Strikers, kumene mphunzitsi wake, Nick Huoseh, ankamuthandiza ngati mwana wake. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo zinaterodi: Huoseh ndi amene pambuyo pake anakhala womuyimira pa nkhani za makontirakiti.

Mu 2015, ali ndi zaka 14, akademi ya Vancouver Whitecaps inamuitana. Kuchokera ku Edmonton kukafika ku Vancouver ndi ulendo wa makilomita oposa 1,000, kudutsa mapiri a Rockies, ndipo mayi ake sanavomere msanga, poopa kuti mwana asiya sukulu n'kugwa m'magulu oipa. Atalonjeza, anamulola.

Apa m'pofunika kufotokoza mmene mpira wa kumpoto kwa America umayendera, chifukwa ndi wosiyana ndi umene tinazolowera. Panthawiyo Canada inalibe ligi yakeyake ya akatswiri. Canadian Premier League inayamba mu 2019. Matimu atatu akuluakulu a dzikolo, a ku Toronto, Vancouver ndi Montreal, amasewera mu ligi ya MLS pamodzi ndi a ku United States. Mu MLS mulibe kutuluka kapena kukwera ligi, muli malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera, ndipo kontirakiti ya wosewera imasainidwa ndi ligi yeniyeniyo. Kale osewera achinyamata ankalowa kudzera m'makoleji, kenako matimu n'kumawasankha mwa kasinthasintha, zomwe zinkachititsa kuti munthu ayambe mpira waukatswiri ali ndi zaka 21 kapena 22. Pa mpira wa masiku ano kumeneko n'kuchedwa. Mu 2008 ligi inakhazikitsa lamulo la Homegrown Player, lolola timu kusainitsa mwachindunji mwana amene yamulera yokha mu akademi yake, osadutsa m'kasankhidwe kaja. Lamuloli linapatsa matimu chifukwa choikira ndalama pa ana, ndipo akademi ya Whitecaps sinkalipiritsa. Pakanapanda zimenezi, mwana wa ku Edmonton wopanda ndalama akanadikira koleji.

Zinthu zinathamanga. Mu Febuluwale 2016 anasaina ndi timu yachiwiri ya Whitecaps ali ndi zaka 15. Mu Julayi chaka chomwecho anasaina ndi timu yaikulu n'kulowa m'bwalo pa masewero ndi Orlando City, kukhala wachiwiri kuchepa msinkhu m'mbiri ya MLS panthawiyo, kumbuyo kwa Freddy Adu. Dzina la Adu, yemwenso anabadwira ku Ghana, linali chenjezo kwa aliyense: anamutamanda kwambiri ali ndi zaka 14, koma mpira wake sunafike pamene anthu ankayembekeza. A Whitecaps anamuteteza Davies kwa atolankhani ndipo ankamupatsa mphindi pang'onopang'ono. Ndikuona kuti anachita bwino kwambiri pamenepa, ngakhale kuti ndi mbali imene sikumbukiridwa.

Khomo lina linali unzika. Kwa zaka zoposa khumi Davies ankakhala ku Canada ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale, koma sanali nzika, ndipo malamulo a FIFA salola munthu kusewerera timu yaikulu ya dziko limene alibe unzika wake. Analumbira kukhala nzika pa 6 Juni 2017, ndipo patangotha sabata imodzi anasewera ndi Curaçao, ali ndi zaka 16, wamng'ono kuposa wina aliyense amene anavalapo yunifomu ya timu yaikulu ya amuna ya Canada. Mwezi wotsatira, mu Gold Cup, mpikisano wa mayiko a kumpoto ndi pakati pa America, anamwetsa zigoli ziwiri pa masewero ndi French Guiana, ndipo anamaliza ndi zigoli zitatu ndi mphoto ya womwetsa zigoli zambiri.

Kufulumira kumeneku kunali ndi chifukwa chake. Canada inali itatopa ndi kutaya ana ake. Owen Hargreaves, wobadwira ku Calgary, anapambana Champions League ndi Bayern yomweyi mu 2001 koma anasankha England. Jonathan de Guzmán wa ku Toronto anasankha Netherlands. Goloboyi Asmir Begović, yemwe banja lake linathawa nkhondo ya ku Bosnia n'kudzakhala ku Edmonton komweko, anasewerera matimu a achinyamata a Canada kenako n'kubwerera ku Bosnia. Sitingawadzudzule kwambiri. Timu ya amuna inali itapita ku World Cup kamodzi kokha, mu 1986, kumene inagonja masewero onse atatu osagoletsa n'chimodzi chomwe, ndipo mu 2012 inathambitsidwa 8-1 ndi Honduras. Ulemu wa mpira wa dzikolo unali m'manja mwa amayi, motsogozedwa ndi Christine Sinclair, yemwe anamaliza ndi zigoli 190 za timu ya dziko, kuposa munthu wina aliyense, mwamuna kapena mkazi. Ngakhale Champions League yomwe, Kadeisha Buchanan anali atainyamula kale ndi Lyon mu 2017. Davies akanatha kuyang'ana ku Liberia, kwawo kwa makolo ake ndi kwa katswiri wakale wa mpira George Weah, koma anasankha dziko limene linamulandira. Mu Juni 2018 anaimirira pamaso pa msonkhano wa FIFA ku Moscow n'kufotokoza mbiri yake popempha kuti World Cup ya 2026 ichitikire ku Canada, United States ndi Mexico, ndipo mayiko atatuwo anapambana voti.

Mu Julayi 2018 Bayern Munich inamugula pa madola 13.5 miliyoni a ku America, ndi mgwirizano woti ndalamazo zikhoza kukwera mpaka 22 miliyoni malinga ndi mmene angasewerere. Panalibe wosewera wa MLS amene anagulitsidwapo pa mtengo wotere. Komabe sananyamuke nthawi yomweyo, ndipo chifukwa chake ndi gawo 19 la malamulo a FIFA okhudza kusamutsa osewera, lomwe limaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku kalabu ya dziko lina. Pali zochepa zimene zimaloledwa, monga ngati makolo asamuka pa zifukwa zosakhudza mpira, kapena ngati mwana wa zaka 16 mpaka 18 akusamuka pakati pa mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya. Lamuloli analiika pofuna kuteteza ana, makamaka a ku Africa ndi South America, amene ankatengedwa ndi anthu owalonjeza zakumwamba n'kukawataya m'misewu ya ku Ulaya, ndipo makalabu ngati Barcelona ndi Chelsea analangidwapo chifukwa choliphwanya. Kwa Davies linamuchitira ubwino. Anatsala ku Vancouver miyezi ina, akusewera mpira wa anthu akuluakulu sabata ndi sabata. Masewero oyamba atalengeza za kugulidwa kwake anamwetsa ziwiri n'kupatsira ziwiri pogonjetsa Minnesota United 4-2, ndipo otsanzikira anamwetsanso ziwiri ndi Portland.

Ku Munich anapitako ngati wosewera kutsogolo chakumbali, nambala 11, pamalo pamene panali Franck Ribéry, Kingsley Coman ndi Serge Gnabry. Anayamba kusewera mu Januwale 2019, anagoletsa koyamba mu Malichi pa masewero ndi Mainz, koma nthawi zambiri ankakhala pa benchi. Chimene chinasintha moyo wake ndi kuvulala kwa anzake. Mu Okutobala 2019 otchinga kumbuyo awiri apakati, Niklas Süle ndi Lucas Hernández, anavulala motsatizana. David Alaba, mwini wake wa nambala 3, anamulowetsa pakati, ndipo malo ake anapatsa Davies. Anayamba ndi mphunzitsi Niko Kovač, ndipo Hansi Flick atatenga timu mu Novembala sanamuchotsenso.

Chifukwa chimene zinayendera bwino chili mu kaseweredwe ka Flick. Timu yake inkapanikiza adani kufupi ndi golo lawo, ndipo otchinga kumbuyo ankakwera mpaka pamzere wapakati. Kusewera chonchi kumasiya bwalo lalikulu lopanda munthu kumbuyo kwanu. Mpira umodzi wautali ukadutsa, wosewera kutsogolo wa adani amatsala yekha ndi goloboyi. Mankhwala ake ndi munthu amene angayambe kuthamanga ali kumbuyo n'kukamupeza mdaniyo asanamenye. Davies anali munthu ameneyo. Mu Juni 2020, pa masewero ndi Werder Bremen, makina anamuyeza akuthamanga makilomita 36.51 pa ola, liwiro limene linali lisanalembedwepo mu Bundesliga. Popita kutsogolo nako zinkamukomera. Nambala 11 amalandira mpira ali ndi munthu kale pamsana, malo ali ochepa, pamene nambala 3 amauona mpira bwalo lonse lili patsogolo pake, n'kufika pa mdani atatenga kale liwiro. Anthu a ku England anadzionera okha pa 25 Febuluwale 2020 ku Stamford Bridge, pamene anadutsa osewera a Chelsea m'mbali mwa mzere n'kupatsira Robert Lewandowski chigoli chachitatu.

Tisabise, panali zofooka. Kaimidwe kake kumbuyo sikanali kabwino nthawi zonse, ndipo zina mwa zothamanga zimene anthu ankaombera m'manja zinali zokonza cholakwa chake chomwe. Mpira wake womaliza, wopatsira kapena womenya pagolo, sunkafanana ndi ntchito imene wagwira kuti afike pamenepo. Koma pakati pa Juni 2020 ndi Febuluwale 2021 Bayern inatenga zikho zisanu ndi chimodzi, ndipo osewera anzake padziko lonse anamuvotera mu timu ya osewera 11 opambana a chaka cha 2020. Mu Malichi 2021 UNHCR inamusankha kukhala kazembe wake, woyamba mwa osewera mpira wamiyendo.

Ku timu ya dziko nkhani ndi ina, ndipo mkangano wake sunathe. Ku Bayern iye ndi mmodzi mwa akatswiri ambiri ndipo ntchito yake ndi yodziwika. Ku Canada ndiye amene onse amamuyang'ana, choncho mphunzitsi John Herdman ankamuika kutsogolo, nthawi zina pakati, kumulola kuyendayenda. Zikayenda, zinkayenda modabwitsa. Mu Okutobala 2019 anagoletsa pamene Canada inagonjetsa United States 2-0, koyamba m'zaka 34. Mu Okutobala 2021, ndi Panama ku Toronto, anathamangira mpira umene aliyense ankaona kuti ukutuluka, anaulanda pamzere penipeni kwa wotchinga kumbuyo amene ankauperekeza, n'kulowa nawo mkati kukagoletsa. Zikakanika, ankaoneka ngati munthu wofuna kuchita zonse yekha, kudyetsa njomba anthu atatu pamene mnzake ali poyera. Maganizo anga ndi akuti Canada imapindula kwambiri akamasewera chakumanzere kuchokera kumbuyo, pamalo amene amawadziwa tsiku ndi tsiku, chifukwa kutsogolo kuli kale anthu ngati Jonathan David ndi Cyle Larin.

Umboni wina unabwera mwa njira yowawa. Mu Novembala 2021 anasewera kwawo ku Edmonton, chipale chitaunjikidwa m'mbali mwa bwalo la Commonwealth, Canada n'kugonjetsa Costa Rica ndi Mexico. Koma mu Januwale 2022, atadwala Covid-19, madokotala a Bayern anamupeza ndi kutupa kwa mnofu wa mtima, matenda otchedwa myocarditis. Mankhwala ake aakulu ndi kupuma, chifukwa kuthamanga mtima uli wotupa kukhoza kupha. Anakhala kunja pafupifupi miyezi itatu, ndipo timu inamaliza ntchito popanda iye: pa 27 Malichi 2022 inakwapula Jamaica 4-0 ku Toronto n'kupeza malo ku World Cup patatha zaka 36, ili pamwamba pa Mexico ndi United States.

Ku World Cup ya ku Qatar anakumana ndi zowawa ndi zokoma zomwe. Pa masewero oyamba ndi Belgium, Canada inapatsidwa penate kumayambiriro, Davies anatenga mpira, ndipo Thibaut Courtois anaugwira. Anagonja 1-0 atasewera bwino kuposa adani awo, ndipo ambiri anafunsa chifukwa chimene sanamenyere David, yemwe ankamenya mapenate ku kalabu yake. Patapita masiku anayi, ndi Croatia, pasanathe mphindi ziwiri, Tajon Buchanan anaponya mpira kuchokera kumanja, Davies anabwera akuthamanga kuchokera kumbuyo n'kuumenya ndi mutu. Chinali chigoli choyamba cha amuna a Canada m'mbiri ya World Cup. Anagonja 4-1, kenako 2-1 ndi Morocco, n'kubwerera kwawo opanda pointi. Zonsezi zinkachitika osewera ali pa mkangano ndi bungwe lawo la Canada Soccer pa nkhani ya ndalama, moti mu Juni 2022, World Cup isanayambe, anakana kusewera ndi Panama ku Vancouver. Mu 2024 mphunzitsi watsopano, Jesse Marsch, anamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 23, ndipo timuyo inafika mu ndime ya matimu anayi ya Copa América, kumene inagonja 2-0 ndi Argentina.

Mu Febuluwale 2025, patatha miyezi yambiri ya mphekesera zoti akupita ku Real Madrid, anawonjezera kontirakiti yake ku Bayern mpaka 2030. Patangotha milungu yochepa, pa 23 Malichi, pa masewero olimbirana malo achitatu a Nations League ndi United States, anatuluka m'bwalo mphindi zoyambirira akumva bondo lakumanja. Atabwerera ku Munich m'pamene anapeza kuti mtsempha wa mkati mwa bondo, umene madokotala amautcha ACL, waduka. Akuluakulu a Bayern anakwiya poyera. Anadandaula kuti wosewera wovulala chonchi anakwezedwa ndege ulendo wautali asanapimidwe mokwanira, ndipo anatchulapo za kukhoti. Canada Soccer inayankha kuti inatsatira njira zonse zoyenera za chipatala.

Mkangano umenewu ndi wakale mu mpira, ndipo osewera a ku Africa amaudziwa bwino nthawi ya AFCON ikafika. Kalabu ndiyo imalipira malipiro, koma malamulo a FIFA amaikakamiza kumasula wosewera masiku a matimu a mayiko. Wosewera akavulala kumeneko, FIFA ili ndi inshuwalansi yobwezera kalabu malipiro ake mpaka mayuro 7.5 miliyoni, koma ndalamazo sizibweza munthu m'bwalo pamene ligi ndi Champions League zafika pothina. Mbali inayo, dziko ngati Canada lili ndi wosewera mmodzi wa msinkhu umenewu, ndipo iye mwini, pokhala kaputeni ndiponso munthu amene amanena poyera kuti dzikolo linapulumutsa banja lake, n'kovuta kuti akane kusewera. Pamenepa ndimaona kuti udindo uli pa akuluakulu, madokotala ndi aphunzitsi a mbali zonse ziwiri, chifukwa mnyamata wa zaka 24 mukamufunsa ngati angathe kusewera ndi United States adzati inde.

Kuchira kwa mtsempha umenewu kumatenga miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Amachita opaleshoni yoika mtsempha wina, kenako wosewera amaphunziranso kupinda bondo, kuyenda, kuthamanga molunjika, ndipo chomaliza, chovuta kuposa zonse, ndi kuima mwadzidzidzi n'kutembenuka ali pa liwiro. Kwa wosewera wapakati wodalira maso ndi kupatsira, kutaya kaliwiro pang'ono si nkhani yaikulu. Kwa Davies, amene kutchinga kwake ndi kuukira kwake zonse zimachokera pa masitepe oyambirira aja, ndi nkhani ya ntchito yake yonse. Anabwerera m'bwalo mu Disembala 2025, patangotsala theka la chaka kuti World Cup imene anakaipempha ku Moscow iyambe, masewero a Canada a m'gulu ataikidwa ku Toronto ndi ku Vancouver.